Nyanja ya Chilwa ndi Mtsinje wa Domasi

Dziko la Malawi lilibe gombe pa nyanja yamchere. Katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko muno ayenera kudzera m'maiko a eni ake, makamaka pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique. Chifukwa cha ichi munthu akamva kuti maiko alikukambirana za chuma cha m'nyanja zazikulu, angayese kuti nkhaniyo ndi ya anthu ena akutali. Koma sikutero ayi. M'mwezi wa Novembala chaka cha 2018 nthumwi za maiko ambiri zinasonkhana mumzinda wa Nairobi ku Kenya kudzapangana za m'mene mitundu ya anthu ingapezere chuma m'madzi popanda kuwononga madziwo, ndipo pa msonkhanowo anawerengera pamodzi nyanja zamchere, nyanja za pakati pa mtunda ndi mitsinje yomwe.

M'mwezi womwewo nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa Zomba, inali itaphwa mbali yake yaikulu. Mabwato anali gone padothi long'aluka pa doko la Kachulu, ndipo eni ake anali kusowa chogwira. Zimene nthumwi zija zinali kunena ndi pakamwa, anthu a m'mbali mwa Chilwa anali kuziona ndi maso. Ndiponso sikunali koyamba kuziona. Mbiri ya nyanja imeneyi iphunzitsa zambiri za kulemera ndi kusauka kwa chuma cha m'madzi, ndipo wofuna kuimvetsa bwino ayenera kuyambira kumtunda, m'chigwa cha Domasi.

Nyanja yopanda potulukira

Mtsinje wa Domasi uchokera m'chigwa cha pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa. Utsika mwaliwiro m'miyala, nudutsa msewu wa ku Liwonde, nuyenda pang'onopang'ono m'chidikha cha kum'mawa kufikira utathira m'nyanja ya Chilwa. Anzake othira m'nyanja yomweyo ndiwo Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo ina ichokera ku Mozambique. Mitsinje yonseyi ilowa, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotuluka. Dzuwa ndi mphepo ndizo zimwa madzi a Chilwa, ndipo mchere wake utsalira m'mbuyo; ndicho chifukwa chake madziwo ali ndi kamchere.

Akatswiri a za nthaka apeza kuti zaka zikwi zambiri zapitazo Chilwa ndi Chiuta zinali nyanja imodzi, ndipo madzi ake anali kutsikira mumtsinje wa Lugenda ndi wa Rovuma kunka ku nyanja yamchere. Pambuyo pake mtanda wa mchenga unakula kumpoto nulekanitsa nyanja ziwirizo. Pa mtanda womwewo ndipo padutsa njanji ya ku Nacala, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1970. Motero njira imene madzi analeka kuyendamo, sitima ya pamtunda ndiyo iyendamo.

Chilwa ndi yachiwiri kukula pa nyanja za m'Malawi, koma ndi yosaya. M'zaka zambiri kuya kwake sikupitirira mamita atatu, kotero kuti asodzi ayendetsa bwato pokankha ndi mtengo wautali wofika pansi. Kusaya kumeneku ndiko kulemera kwake, pakuti madziwo atentha msanga, nabala tizilombo ndi ndere zimene nsomba zidya. Kuzungulira nyanja kuli dambo lalikulu la njedza. Nsomba zake zodziwika ndi zitatu: matemba, mlamba ndi makumba. M'zaka zabwino nyanja yosayayi yapatsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno.

Mchere, miono ndi njinga

Kalekale Anyanja okhala m'mbali mwa Chilwa sanali kudalira nsomba zokha. Anali kutapa dothi la m'gombe, nalisungunula ndi madzi, nasefa, naphika madziwo kufikira utatsala mchere. Ndipo mcherewo anali kusinthana ndi anthu a kumtunda. Pamene nkhondo ndi kugwira akapolo zinavuta m'zaka za m'ma 1800, ambiri anathawira pa chilumba cha Chisi, ndipo madzi ndi matope zinawatchinjiriza.

David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi pa 18 Epulo 1859, miyezi isanu asanaone nyanja ya Malawi. Livingstone analemba dzina lake kuti Shirwa. M'chaka cha 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland anamanga mishoni ku Domasi, m'dziko la mfumu Malemia ya Ayao, ndipo m'zaka zotsatira Zomba unasanduka likulu la Boma la Azungu.

Masiku amenewo msodzi anali kuluka miono yake yekha, napota chingwe cha ukonde ndi luzi la m'tchire. Ukonde wotere unali kuwola msanga, ndipo munthu anali kutaya masiku ambiri pousoka ndi kuuyanika. Palibe mfumu imene inalamula kuti nsomba zipume, koma kufooka kwa zipangizo ndiko kunali kuzipumitsa. Zinthu zinayamba kusintha pamene Alomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900, nakhala m'chidikha cha Chilwa ndi m'minda ya Azungu ya ku Mulanje ndi Thyolo. Antchito a m'mindamo ndi a m'matauni a Zomba ndi Blantyre anafuna ndiwo zotsika mtengo, ndipo matemba ouma anali otero. Amalonda anayamba kusenza mitanga ya nsomba pamutu, kenaka panjinga, kenaka pagalimoto. Asodzi ochenjera anatulukira kuti ulusi wa m'matayala otha a galimoto ulimba koposa luzi. Potsiriza anafika maukonde a nayiloni, osawola, ogwira usana ndi usiku. Pofika chaka cha 1964, pamene Malawi analandira ufulu wodzilamulira, usodzi wa pa Chilwa unali utasanduka malonda akulu ndithu, ndipo anyamata ambiri amene akadapita ku Joni kapena ku Halale anapeza msonkho ndi chovala pa nyanja ya kwawo.

Chaka cha 1968

Nkhalamba zinali kudziwa kuti nyanjayi imathawa nthawi zina, pakuti inaphwapo cha m'ma 1914, ndipo inachepa kwambiri m'zaka zina za pambuyo pake. Koma munthu amene wakongola ndalama nagula ukonde watsopano samvera msanga za nkhalamba. Mvula itachepa zaka zingapo zotsatana, madzi anayamba kubwerera m'mbuyo, mchere nukula, nsomba zambiri nizifa. M'chaka cha 1968 nyanja inauma. Anthu anali kuyenda pansi kunka ku Chisi. Asodzi ena anasamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi. Ena anagwira khasu. Ndipo amalonda a njinga, osema mabwato, ogulitsa nkhuni ndi amayi owamba nsomba onse anagwa m'mavuto pamodzi nawo.

Zinachitika kuti m'zaka zomwezo aphunzitsi a ku Chancellor College, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, anali atayamba kale kufufuza za nyanjayi. Iwo anaiona ikufa, naionanso ikuuka, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1979. Funso lalikulu linali ili: nyanja ikauma, nsomba zimene zidzaidzazanso zichokera kuti?

Yankho lake lili m'mitsinje. Madzi akayamba kuwawa ndi mchere, nsomba zina zithawira kumathiriro, nizikwera m'mitsinje monga Domasi ndi Likangala, nizibisala m'maiwe akuya amene saphwa ngakhale m'chilimwe. Mlamba ndiye wolimba koposa, chifukwa atha kupuma mpweya wa kunja, ndipo apirira m'matope ndi m'zithaphwi za m'dambo. Matemba ndi makumba alibe mphamvu yotero. Moyo wawo uli m'maiwe a m'mitsinje basi. Mvula ikabweranso, madzi saiwala khwawa: adzaza nyanja, namiza udzu umene unamera pansi pouma pamodzi ndi ndowe za ng'ombe zimene zinali kudya pamenepo. Zonsezi ziwola ndi kusanduka chakudya. Nsomba zochepa zija zitsika m'mitsinje nizipeza nkhokwe yodzala yopanda mwini, ndipo ziswana modabwitsa. Mlamba ndi matemba zibwerera msanga. Makumba achedwa, pakuti mai wake afungatira mazira ndi ana m'kamwa, ndipo sabala ochuluka nthawi imodzi monga zinzake.

Antchito a Boma oyang'anira za nsomba anayesa kuthandiza poswetsa makumba m'maiwe okumba kuti akawathire m'nyanja, koma ntchito yaikulu inagwiridwa ndi mitsinje yokha, yopanda malipiro. Patapita zaka zowerengeka usodzi unabwerera, ndipo m'chaka cha 1979 nsomba zogwidwa pa Chilwa zinaposa matani 20,000. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Mwana wa m'chigwa cha Domasi amene asambira padziwe la kumudzi kwawo, wosaonapo bwato chibadwire, asambira m'nkhokwe ya mbewu ya nyanja yonse.

Mafumu ndi katupe

M'chaka cha 1995 nyanja inaumanso. Tsopano anthu anali ochuluka koposa kale, ndipo njala inali kuwatuma ku maiwe omwe aja. Ena anali kukokamo makoka, ena anali kusinja katupe nathira m'madzi. Katupe sasankha: apha nsomba yaikulu ndi yaing'ono, yamazira ndi yopanda mazira, ndipo dziwe limene likadadzaza nyanja litha tsiku limodzi. Munthu wothira katupe sali woipa mtima nthawi zonse. Kawirikawiri ndi bambo amene ana ake agona ndi njala. Koma phindu lake ndi la sabata imodzi, ndipo chitayiko ndi cha anthu zikwizikwi.

Pamenepo antchito a za nsomba anachita mwanzeru. M'malo motuma asilikali, anakhala pansi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja ndi mwa mitsinje, ndipo m'midzi munasankhidwa makomiti olonda maiwe. Katupe analetsedwa, makoka analetsedwa kumathiriro ndi m'maiwe, ndipo wolakwa anali kuweruzidwa pabwalo la mfumu yake. Madzi atabwerera, nsomba zinabwereranso. M'chaka cha 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za usodzi lovomereza kuti anthu a m'midzi athandizane ndi Boma poyang'anira nsomba, ndipo cha nthawi yomweyo Chilwa inalembedwa m'pangano la maiko la Ramsar, losamala madambo, makamaka chifukwa cha mbalame zake za m'madzi zosawerengeka.

Anthu a ku Domasi adziwa bwino kusiyana kwa lamulo lopangana ndi lamulo lokakamiza. M'zaka za m'ma 1950 Boma la Azungu linaumiriza anthu malamulo osamala nthaka, amene anatchuka ndi dzina lakuti malimidwe. Nzeru yake siinali yoipa yonse ayi, pakuti nthaka inali kukokolokadi. Koma inadza ndi faindi ndi ndende, ndipo anthu anaida kotero kuti ngakhale zabwino zake zinatayidwa pamodzi ndi zoipa. Kusiyana ndi zimenezi, pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pa nyanja ya Malawi, mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka zomwezo za m'ma 1950, ndipo asodzi amvera chifukwa aona okha nsomba zimene apeza potsegulira.

Koma wowerenga asayese kuti makomiti athetsa zonse. Madzi atachuluka pa Chilwa ndipo ndalama zitayamba kuoneka, changu cha 1995 chinazirala. Panabuka mikangano yakuti faindi adye ndani, ndipo asodzi enieni anadandaula kuti m'makomiti ena munadzala anthu osagwira nkhafi. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo, anapezeka m'madzi alikukokolola tiana ta nsomba. Chimene chichitika zikapitirira zotere chinaoneka ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chinali chochuluka kale koma chinatsala pang'ono kutheratu cha m'ma 1990. Ngakhale nyanja yamchere, imene anthu anali kuyesa kuti siingathe nsomba, yaonetsa zomwezo. Ku Newfoundland, m'dziko la Canada, anthu anagwira nsomba yotchedwa cod zaka pafupifupi 500. Koma zombo zazikulu zamakina zitaikokolola, Boma la kumeneko linatseka usodziwo m'chaka cha 1992, ndipo anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Chilwa ikauma ndi dzuwa ibwerera patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Nsomba za ku Newfoundland zinatha madzi ali chidzalire, ndipo panapita zaka zambiri zisanayambe kubwerera.

Madzi amodzi, eni ake ambiri

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. H. Kamuzu Banda, anali kukonda kunena kuti chuma chili m'nthaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Boma, mothandizidwa ndi alangizi a ku Taiwan, linatsegula sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500, ndi ina pa mtsinje wa Likangala. Mpungawo wadyetsa mabanja ambiri ndi kuphunzitsa ana ambiri sukulu, ndipo palibe munthu wanzeru angaunyoze. Koma madzi opatutsidwira m'minda m'chilimwe ndi omwewo amene akadasunga maiwe a kunsi. M'chaka cha mvula yabwino onse akhuta. M'chaka cha chilala mlimi wa mpunga ndi msodzi amwera chikho chimodzi, ndipo wa kumtunda ndiye ayamba kumwa.

Pamwamba pa onsewa pali phiri. Nkhalango ya Zomba inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1913 kuti isunge akasupe. Mitengo ikhalapo, mvula ilowa pansi pang'onopang'ono, nituluka m'akasupe mpaka mwezi wa Okutobala. Mitengo ikatha ndi makala, matabwa ndi moto wolusa, mvula ithamanga tsiku limodzi itasenza dothi. Dothilo likwirira maiwe ndi ngalande za sikimu, ndipo lotsala likagona pansi pa nyanja imene ili yosaya kale. Asodzinso ali ndi mlandu wawo pa mitengo, chifukwa kuwamba mlamba kudya nkhuni zambiri, ndipo mapiri a pa Chisi aonetsa zipsera zake. Wootcha makala ku Malosa ndi wowamba nsomba ku Kachulu sadziwana maina, koma aliyense alowetsa dzanja m'thumba la mnzake.

Ku Domasi komweko kuli ntchito ina imene cholinga chake ndi kupeputsa katundu wa nyanja. Azungu oyamba anathira nsomba za kwawo zotchedwa trout m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba, koma zimenezo zinali zowedza posewera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Boma linakumba maiwe ku Domasi oyeseramo kuweta nsomba za m'dziko momwe muno, makumba ndi chilunguni, ndi kugawira alimi mbewu yake. Malo amenewa ndiwo anakula nakhala likulu la ulimi wa nsomba m'Malawi, ndipo akatswiri a bungwe la ICLARM, limene pambuyo pake linatchedwa WorldFish, ndi a ku Japan anagwirako ntchito. Anaphunzitsa alimi kudyetsa nsomba gaga ndi masamba a m'dimba, kuthira manyowa a mbuzi ndi nkhuku m'dziwe, ndi kuthirira ndiwo zamasamba ndi madzi a m'dziwemo. Mabanja ambiri a m'boma la Zomba apindula nazo. Komabe nsomba za m'maiwe zikali zochepa poyerekeza ndi za m'nyanja. Chakudya chabwino cha nsomba ndi chokwera mtengo, mbewu yabwino isowa, katumbu ndi mbala zitengako gawo lawo, ndipo dziwe nalonso lifuna madzi a mtsinje womwe uja.

Pakamwa pachuluka

Pa kalembera wa chaka cha 1966 anthu a m'Malawi anali 4 miliyoni ndi pang'ono. Pa kalembera wa 2018 anaposa 17.5 miliyoni. Nyanja sizinakule. M'zaka za m'ma 1970 munthu mmodzi anali kudya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pachaka, koma pofika zaka za m'ma 2000 muyesowo unali utatsika kuposa theka. Wolinganiza za chuma cha dziko akawerengera Chilwa monga ngati chaka chilichonse ndi 1979, adzanamiza anthu. Pakuti nyanja iyi ipatsa mowolowa manja zaka zina, nimana zaka zina, ndipo wogula injini ndi ngongole m'chaka cha zokhuta adzailipira m'chaka cha fumbi.

Njira ina yopezera chuma chochuluka popanda kugwira nsomba zochuluka ndiyo kusataya zimene zagwidwa kale. Matemba oyanikidwa pansi adzala mchenga, ntchentche ziwaikira mphutsi, ndipo mvula ikagwa mwadzidzidzi awola. Motero mbali ina ya thukuta la msodzi ithera pagombe. M'zaka za pambuyo pa 2010 magulu a amayi ku Kachulu ndi madoko ena anayamba kuyanika matemba pa thandala m'tinyumba tofoleredwa ndi pulasitiki, m'mene dzuwa lilowa koma fumbi ndi ntchentche sizilowa. Nsomba zotere zikhala zoyera, zisungika nthawi yaitali, ndipo ziloledwa m'masitolo a m'tauni pa mtengo wabwino. Thanzi la asodzi nalonso ndi chuma. Ambiri a iwo akhala miyezi yathunthu pakati pa dambo m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera, akumwa madzi omwewo amene adzithandiziramo, ndipo kolera yabuka pakati pawo kangapo. M'chaka cha 2016 azaumoyo anachita kuwalondola komweko ndi mabwato kukawapatsa katemera.

Nyanja inachepa kwambiri m'chaka cha 2012, niphwanso mu 2018. Pakati pa 1968 ndi 1995 panapita zaka 27. Pakati pa 1995 ndi 2018 panapita zaka 23, ndipo chilala cha 2012 chinagwa pakati pake. M'mwezi wa Malichi 2019 mvula yamphamvu, ya namondwe amene anatchedwa Idai, inagwa masiku angapo osalekeza. Inagwetsa nyumba ndi kumiza minda m'maboma ambiri a kum'mwera, ndipo mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe inasefukira nithira m'nyanja. Asodzi amene anathawira ku Malombe ndi ku Mangochi anamva mbiriyo nayamba kubwerera, namata mabwato awo amene anang'aluka ndi dzuwa. Mu 2023 namondwe wina, Freddy, anadzaza nyanja koposa, kotero kuti madzi analowa m'midzi ndi m'minda ya m'gombe, m'malo amene zaka zisanu m'mbuyomo anthu anali kupalasa njinga kunka ku Chisi.